Kamera yoyamba ya pa intaneti inkajambula jagi ya khofi

Abale anzanga lero ndaseka mpaka nthiti kuwawa. Mukudziwa kuti webcam (kamera ya pa intaneti) yoyamba padziko pano sinkajambula munthu ayi, inkajambula jagi ya khofi? Eetu. Mu 1991 ku yunivesite ya Cambridge ku England anyamata a zamakompyuta ankagawana makina amodzi ophikira khofi omwe ankakhala pafupi ndi chipinda chotchedwa Trojan Room, ndiye ena maofesi awo anali kutali, munthu kuyenda masitepe onsewo kapu ili m'manja kukangopeza jagi ili mbee, apafupi akokolola kalekale. Quentin Stafford-Fraser ndi Paul Jardetzky zitawakwana anangolozetsa kamera pajagipo basi, kachithunzi kopanda makala, kakang'ono ngati sitampa, kamasintha pakompyuta ya aliyense katatu pa mphindi. Ulesi umenewu koma, wa anthu a sukulu zawo!

Mu 1993 anzawo ena anaika kachithunziko pa intaneti, anthu dziko lonse kumataya nthawi kuonera jagi, mpaka anachita kumaisiyira getsi usiku kuti akumayiko akutali aziiona bwino. Kamerayo anaizimitsa mu August 2001 posamuka, ndipo nyuzipepala ya pa intaneti ya ku Germany, Spiegel Online, inagula makina a khofiwo pa msika wa pa intaneti wa eBay mapaundi 3,350, ali owonongekatu.

Ine ndikungoganiza za kuofesi kwathu, shuga timagula Lolemba koma pofika Lachitatu chitini chimalira ngati belu, aliyense akuti amamwa tiyi wopanda shuga. Amene ali ndi kafoni kakale kamera yake yogwira andibwerekeko mawa.