Kupenta Yamaha AG 200 yakale pakhomo, popanda kompuresa

Yamaha AG 200 ndi njinga yamoto imene anthu ambiri kumidzi anayamba kuiona ikuyendetsedwa ndi alangizi a zaulimi ndi ogwira ntchito m'mabungwe, ndipo zambiri mwa njingazi zinadzagulitsidwa kwa anthu wamba zitatopa kunja koma injini zake zidakali zamphamvu. Yanga inali yotero. Thanki inali itatuwa, penti itasupuka mozungulira chivindikiro cha mafuta, ndipo dzimbiri linali litagwira kaliya wakutsogolo ndi wakumbuyo. Ndinaganiza zoipenta ndekha ndi penti ya m'zitini zopopera, chifukwa ndilibe kompuresa, ndipo ndinali ndisanapentepo chitsulo china kupatula geti.

Amene akuyamba kumene ndingamulangize kuti asaphwasule njinga yonse. Kuti fulemu ipentedwe bwino pafunika kutsitsa injini ndi kuchotsa mawaya onse, ndipo kubwezeretsa zimenezi ndi ntchito ya makaniko. Ine ndinamasula thanki, makava a m'mbali, madigadi ndi makaliya awiri aja, ndipo mabawuti a chiwalo chilichonse ndinawaika m'jumbo yakeyake. Fulemu ndinangoitsuka n'kupaka ndi bulashi yaing'ono pamene panali dzimbiri, ndikusamala kuti nambala ya chasisi isakwiririke, popeza ndi imene apolisi apamsewu ndi a Road Traffic amayerekeza ndi mapepala a njinga. Mtundu wa njinga umalembedwanso m'mapepala omwewo, n'chifukwa chake ndinasankha kubwereza mtundu wake wakale.

Thanki ndiyo yofunika kuisamala koposa. Ndinakhuthula petulo yense, ndinachotsa mpopi wa mafuta, ndipo ndinaisiya panja ili yotsegula mpaka fungo litatha, chifukwa thanki yopanda mafuta koma yodzaza mpweya wa petulo imatha kuphulika ndi kathethe kamodzi ka moto. Pa chifukwa chomwechi sindinayandikizepo gulayinda. Kupala konse kunachitika ndi manja.

Sandipepa amadziwika ndi manambala olembedwa kumbuyo kwake, ndipo nambala ikakhala yaing'ono ndiye kuti ngwokakala. Ndinayamba ndi wa 80 ndi 120 pamene panali dzimbiri ndi penti yosupuka, kenako 240, kenako 400, aliyense akufafaniza mikwingwirima ya amene wamutsogolera. Penti yakale imene inali itagwirabe sindinaichotse yonse, ndinangoipala mpaka itasiya kunyezimira, ndipo m'mphepete mwa malo osupuka ndinasalaza mpaka chala chikamadutsa chisamvenso pamene penti yathera. Maso amanama pa ntchito imeneyi, koma chikhatho chimapeza kachibowo kalikonse kamene penti yonyezimira idzaonetsa poyera. Pamene panali potifuka ndinamata fila, phala lotsekera malo otifuka, pang'onopang'ono, itasakanizidwa ndi kamankhwala kake koumitsa, ndikuipala ndi sandipepa wokulungidwa pa kathabwa kuti pasapangike zigwa. Gawo limeneli ndilo linadya nthawi yochuluka kuposa ena onse pamodzi, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi pamene kusiyana kwa ntchito ya mmisiri ndi ya wothamanga kumayambira.

Pachitsulo choyera pamafunika praima, penti yoyambira pansi, ya mtundu wogwira chitsulo, imene ogulitsa m'mahadiweya amaitcha etch primer, ndipo iyenera kupoperedwa tsiku lomwelo, popeza chitsulo chopalidwa chimayamba kufiira msanga. Makava ndi madigadi apulasitiki ali ndi praima yawoyawo, ndipo popanda iyo penti imasupuka pulasitiki ikangopindika. Praima itauma ndinaipala ndi sandipepa wa 600 wonyowetsedwa m'madzi, kenako ndinapukuta zonse ndi nsalu yoyera. Mafuta ngakhale a m'zala, kapena polishi wotsalira, amachititsa penti kuthawa n'kusiya timaenje tozungulira.

Nyengo ya kwathu nayo ili ndi mawu pa ntchito imeneyi. M'dzinja, komanso masiku a chiperoni, chinyontho cha mumpweya chimachititsa penti kuuma ili mbuu, pamene mu September ndi October vuto ndi fumbi ndi kamvuluvulu. Ndinapenta m'mawa wa tsiku lopanda mphepo, pakhonde la kuseri, nditawaza madzi pansi kuti fumbi lisadzuke, thanki itapachikidwa ndi waya pamtanda wa denga.

Kupopera kwenikweniko n'kwachidule. Chitini chimafunika kuchikhutchumula kwa mphindi ziwiri kapena kuposa, kuchigwira pa mtunda wa masentimita 20 mpaka 30, ndi kuyamba kupopera dzanja likuyenda kale, kunja kwa chinthucho, kenako n'kudutsa mpaka kutuluka mbali inayo. Ulendo woyamba penti imaoneka yochepa, praima ikuonekerabe pansi, ndipo mtima umafuna kubwereza pomwepo. Pamenepo ndi pamene penti imayenderera n'kuuma ngati misozi. Ndi bwino kudikira mphindi zimene zalembedwa pachitini, kawirikawiri 10 kapena 15, kenako kupoperanso mopyapyala. Chitini chikatalikira kwambiri, penti imafika itayamba kale kuuma ndipo pamwamba pamakhala pokakala.

Chimene ogulitsa penti satchula kawirikawiri n'chakuti penti wamba ya m'zitini imafewa ikakhudzidwa ndi petulo, ndipo thanki ya njinga yamoto imadonthedwa petulo pafupifupi nthawi iliyonse pamalo omwetsera mafuta. Chotchinjiriza chodalirika ndi vanishi ya mtundu wa 2K, imene imasakanizidwa ndi mankhwala oumitsa ndipo ikauma petulo saisungunula. Koma mankhwala oumitsawo ali ndi ma isocyanate, amene amavulaza mapapo, ndipo kansalu kakukamwa kapena masiki ya fumbi sizitchinga kanthu. Apa ndinaona kuti nzeru n'kugawana ntchito: thanki ndinaitengera kwa amisiri opopera magalimoto ku Biwi mu Lilongwe kuti aikeko vanishiyo ndi mfuti yawo yopopera penti, nditawauza penti imene ili pansi kuti ayese kaye pakona ngati siichita makwinya. Zina zonse ndinamaliza ndi vanishi wamba pakhomo.

Ekizozi siilola penti wamba, chifukwa pentiyo imapsa pa ulendo woyamba. Ili ndi penti yake yopirira kutentha kwa madigiri pafupifupi 600, imene imapakidwa pachitsulo chopalidwa bwino ndipo imalimba kwenikweni injini ikalira n'kuitenthetsa, moti poyamba imafuka utsi pang'ono. Makaliya ndinawapaka yakuda ndi bulashi, podziwa kuti zingwe ndi matumba a chimanga zidzawapalabe.

Penti imauma pamwamba m'maola ochepa, koma mkati imakhala yofewa kwa masiku angapo, choncho ndinadikira sabata yathunthu ndisanamangenso thanki ndi kumata masitika. Pomanga ndinayala nsalu pafulemu ndi pamahandulo, chifukwa sipanala ikaterereka pa penti yatsopano chipsera chake chimafuna kupala ndi kupoperanso mbali yonseyo.