Zimene ndinakana kukonza ndisanagulitse nyumba ya ku Area 25

Titagwirizana zogulitsa nyumba yathu ya ku Area 25 ku Lilongwe, aliyense anabwera ndi nzeru zake. Alamu anga ankati tiike matailosi nyumba yonse, mmisiri wina ankati tiwonjezere chipinda kuseri. Ine ndinayamba ndaitana katswiri wowerengera mtengo wa nyumba, chifukwa wogula akamadalira ngongole, banki imamvera lipoti la munthu ameneyu, osati malisiti a simenti amene mwasunga m'kabati.

Iye anayeza poloti, anagogoda makoma, anakwera kukasuzumira denga, kenako n'kuyerekeza ndi mitengo imene nyumba za m'deralo zikugulitsidwira. Mtengo umatsatira dera. Ngakhale muikongoletse bwanji, nyumba ya ku Area 25 sigulidwa pa mtengo wa ku Area 43.

Chipinda chowonjezera ndiye ndinachikaniratu. Kumanga mumzinda kumafuna pulani yovomerezedwa ndi khonsolo, ndipo chomangidwa mozemba chimadzakhala funso loyamba la loya wa wogula. Komanso kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, simenti, malata ndi zitsulo zinakwera moti ndalama yothera pachipindacho sikanabwerera yonse. Matailosi nawo ndi nkhani ya maso a munthu. Inu mukonda onyezimira, wogula afika n'kunena kuti amaterera, adzawaphwanya akalowa. Makabati a kukhitchini ndi penti ya mitundu yokuwa, chimodzimodzi.

Ndalama zochepa zimene ndinali nazo zinapita pa zinthu zoopseza wogula. Pasiling'i ya pabalaza panali banga lachikasu la madzi a mvula, ndipo munthu akaliona amaganiza kuti denga lonse ndi lowola. Tinasintha malata odonthawo ndi bolodi yomweyo. Felemu ya chitseko cha kubafa inali itadyedwa ndi chiswe, ukaidina chala chimalowa. Tinaichotsa n'kuthira mankhwala. Mpope wodontha tinamanga, makoma tinapaka penti yoyera wamba, udzu tinatchetcha. Basi.

Nthawi yambiri inathera pa mapepala. Title deed, chikalata cha umwini wa malo, iyenera kukhala m'dzina la wogulitsa, ndipo ngati ndi nyumba ya masiye, yambani mwalongosola zimenezo ndi abale. Poloti ya lizi, yomwe munthu amabwereka kwa zaka zoikika, imafuna kuti ground rent, lendi ya malowo, ikhale yolipiridwa kwa eni malo, kaya ndi Unduna wa za Malo, khonsolo kapena Malawi Housing Corporation, ndipo iwowo ndi amene amapereka chilolezo chosinthira umwini. Ndinalipira msonkho wa nyumba kukhonsolo, bilu ya Lilongwe Water Board, n'kukatenga ku MRA tax clearance, kalata yotsimikizira kuti za msonkho zili m'malo.

Madobadoba anabwera ambiri, aliyense akuti ali ndi wogula m'thumba. Ndinasankha ejenti mmodzi, tinalemberana za gawo lake tisanayambe, ndipo makiyi ndinapereka loya atanditsimikizira kuti ndalama zonse zalowa.