Chikopa chimodzi, zishango ziwiri

Tikaona ovina ingoma ku Mzimba atanyamula zishango, timaganiza kuti chishango n'chotchingira basi. Kwa ankhondo a Shaka, amene analamulira Azulu mpaka 1828, chinali chida choputira mdani, ndipo Angoni a Zwangendaba powoloka Zambezi mu Novembala 1835 anabwera ndi kamenyedwe kofananako.

Chishango chankhondo, chomwe Azulu amati isihlangu, chinkatalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, ndipo chikopa cha ng'ombe imodzi chinkatulutsa ziwiri zokha. Akasenda, ankapala mnofu wonse, kuchikhomera pansi ndi zikhomo kuti chiume chili chotambasuka, kenako kuchikwirira mu ndowe za m'khola masiku angapo n'kuchisinja ndi miyala. Apa m'pamene pagona luso. Chikauma osasinjidwa chimakhala gwa, n'kusweka mkondo ukachimenya. Chikafewetsa chimapindika ngati mkeka. Ubweya sankauchotsa, chifukwa mtundu wake ndiwo unkasonyeza gulu: zoyera za ankhondo okhwima, zakuda za anyamata.

Akachidula mozungulira ngati dzira, ankaboola mizere iwiri ya timipata kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kulowetsamo zingwe zachikopa. Izi si zokometsera chabe. Zimakhuthalitsa pakati, pamene pali dzanja, komanso kumbuyo zimagwira ndodo imene imaumitsa chishango chonse.

Mnzake wa chishango anali mkondo waufupi wobayira, iklwa, wa mpeni wotakata. Mchira wa chitsulocho ankaulowetsa m'bowo la mtengo, n'kuvekapo chikopa chachiwisi cha kumchira wa ng'ombe. Chikamauma chimafinya mtengowo osalola kuti ung'ambike.

Kamenyedwe kake kanali kotere: wankhondo amakola m'mphepete mwa chishango cha mdani ndi chakecho, amachikokera kumanzere, mdaniyo amatembenuka, nthiti zake zakumanzere n'kukhala poyera. Mkondo umalowa pamenepo. Munthu wodalira uta ndi mivi akafikiridwa pafupi chonchi analibenso chochita, n'chifukwa chake midzi yambiri ya Achewa inathawira m'malinga ndi m'mapiri m'malo molimbana ndi Angoni pachigwa.

Adani enieni a chishango anali mvula, makoswe ndi chiswe. Chikanyowa chimalemera n'kufewa, chikaumanso chimapotoka. Azulu ankazisunga m'tinyumba tokwezeka ngati nkhokwe kumidzi ya asilikali, pakuti zinali za mfumu, osati za wozinyamula. Cha m'ma 1856 gulu la Cetshwayo, amene pambuyo pake anakhala mfumu ya Azulu, linayamba kunyamula chocheperako, umbumbuluzo, chopepuka pothamanga.

Chipolopolo chokha ndicho chikopa sichikanatha kuchiletsa. Pa nkhondo ya ku Isandlwana, m'dziko la Azulu, pa 22 Januwale 1879, Azulu anapambana chifukwa anakwanitsa kufika pafupi ndi Angerezi. Ankhondo a Mpezeni, mfumu ya Angoni, mu 1898 mpata umenewo sanaupeze, mfuti zachiwaya za Angerezi zotchedwa Maxim zinawagwetsera patali.