Zikomo kwa alimi a ku Lunzu amene analandira ana athu

Ife aphunzitsi a Sitandade 7 tikuthokoza bambo ndi mayi a ku Lunzu amene analandira ana athu 45 pamunda pawo Lachisanu lapitali. Tikuthokozanso anyamata awo aganyu amene anasiya khasu n'kumayankha mafunso mpaka dzuwa litapendeka.

Bambo, munatigwira mtima pa mulu wa manyowa uja. Munaonetsa ana kuyala mapesi odulidwa pansi, kenako masamba aawisi, ndowe ndi phulusa pang'ono, kuwaza madzi, n'kubwerezanso mpaka mulu utafika m'chiuno. Ndodo imene munazika pakati aliyense anaigwira, inali yofunda. Munati ikatuluka yozizira ndiye kuti madzi achepa kapena mpweya sukulowa, ndipo mulu ukanunkha kwambiri madzi achuluka, utembenuzidwe msanga. Zimenezi bolodi silingaphunzitse.

Mayi, zikomo chifukwa cha nazale yanu. Ana sankadziwa kuti njere ya msangu imafuna kukhulidwa pang'ono khungu isanafesedwe m'chubu, apo ayi imachedwa kumera. Sankadziwanso kuti mtengowu umayoyola masamba nthawi ya mvula, n'chifukwa chake chimanga chimakula bwino pansi pake.

Pa mizere ya akalozera, yotchinga madzi othamanga pamalo otsetsereka, tinadutsa mofulumira chifukwa cha nthawi, komabe ana anaona udzu wa vetiva wobzalidwa mothithikana akugwira dothi. Ambiri mwa anawa amakhala m'munsi mwa phiri la Ndirande ndipo amaona okha mmene matope amatsikira mumtsinje wa Mudi mvula ikagwa.

Mbande 60 zimene munatipatsa tidzabzala mu Disembala mvula ikakhazikika. Tidzakuitanani mudzazione.