Victrola ija yagwira liwiro, abusa Gates alalika mpaka kumapeto

Anzanga okonda magalamafoni, ija Victrola VV-VI, galamafoni yopukusa ndi dzanja ya kampani ya Victor, ndinakuonetsani ili fumbi lokhalokha tsopano ikuyimba mbale yonse osabwerera m'mbuyo. Dzulo madzulo ndinaipukusa, n'kuikapo mbale ya kampani ya Okeh ya ulaliki wa abusa J. M. Gates a ku America, ndipo kuyambira pomwe singano inatera mpaka pothera mawu sanatsike ngakhale pang'ono. Amene munalimbanapo ndi mota ya Victor mukudziwa mmene mtima wanga wakhalira pansi.

Kugunda kumene inkachita, koti gu! pakati pa nyimbo, sikunandivute kwenikweni. Girizi wakale anali atauma gwa m'chitini cha masipuling'i. Ndinawatulutsira m'saka nditavala magolovesi, ndinawatsuka ndi parafini, n'kupaka girizi watsopano, kugunda n'kutha. Musayese kutulutsa sipuling'i poyera ana ali pafupi, imadumpha ndipo imacheka.

Chimene chinandisowetsa tulo ndi liwiro. Mbale inkayamba bwino, koma ikafika paphokoso inkafooka, kenako n'kuthamanganso yokha. Ndinalemba choko m'mphepete mwa thebulo lozungulira n'kumawerenga ndi wotchi ya pafoni: pa masekondi 30 liyenera kuzungulira ka 39. Popanda singano nambala inkakwana. Singano ikangotera, basi, yasokonekera. Ndinamasulanso mota, ndinatsuka magiya, ndinathira mafuta a makina osokera paliponse pofunika, koma ayi ndithu. Kapepala ka mizere koyesera liwiro kamene kanabwera ndi makinawo nakonso kanali kopangidwira magetsi a ku America a 60 Hz, a mizere 92. Kuno magetsi ndi a 50 Hz, pamafunika ka mizere 77, ndiponso mababu ambiri a LED saonetsa bwino. Choko chinandithandiza kuposa zonsezo.

Vuto linali pa gavana, kachipangizo kamene kamasunga liwiro la mota kuti lisasinthesinthe. Tizitsulo take titatu tolemera timakhala pa timasipuling'i tafulati, ndipo nditatiyala pansalu yoyera ndinaona kuti kamodzi n'kokhuthala kuposa anzake. Wina amene anakonzapo makinawa kalekale anangoikapo kamene anapeza. Gavanayo ankazungulira mopendekeka, ndipo kachikopa kogwira buleki kanali katauma mpaka kunyezimira, moti m'malo mogwira mofewa kankangodumphadumpha. Timasipuling'i ndinaitanitsa tonse titatu pamodzi, chifukwa kusintha kamodzi ndiko kubwereza vuto lomwelo. Kachikopa anandichekera ndi bambo wina wosoka nsapato mumsika wa Limbe, pa chidutswa cha lamba wakale. Bambo amenewa ndi amene anandisokeranso chogwirira cha galamafoni ya HMV 102 ija ndinakonza chaka chatha, ndipo akaona chinthu kamodzi safunsanso muyeso. Kachikopako ndinakanyika m'mafuta usiku wonse, n'kukamanga, ndipo choko chinayamba kudutsa pamalo pake nthawi zonse.

Wina angafunse kuti n'kuvutikiranji, poti maulaliki amenewa ali pa intaneti. Mbale ya Gates ndi imene ikuyankha. Bamboyu anali m'busa wa Baptist ku Atlanta, ndipo kuyambira 1926 anajambula maulaliki pafupifupi 200. Mbali imodzi ya mbale imatenga mphindi zitatu zokha, ndiye ulaliki wonse ankaupanikiza mmenemo: amayamba kulankhula, amakwera pang'onopang'ono, kenako mawu amasanduka nyimbo, amayi angapo akuvomera kumbuyo. Ulaliki wotere uli ndi chuni chake. Liwiro likamasinthasintha, m'busa ndi ovomerawo amamveka ngati asemphana, ndipo mphamvu yonse imatha. Dzulo ndi pamene ndinamva kuti amayi aja amalowa ndendende pamene iye wapumira.

Ndipo ine ndimafuna kumva zimene eni ake ankamva m'nyumba zawo. Victor, kampani ya ku Camden ku New Jersey, inatulutsa Victrola yoyamba mu 1906 pa mtengo wa madola 200, ya anthu olemera. Mu 1911 ndi pamene inabweretsa zing'onozing'ono za patebulo, VV-IV ya madola 15 ndi VV-VI ya madola 25, zoti wogwira ntchito m'fakitale akanatha kusungira ndalama n'kugula. Patangopita zaka zochepa anthu akuda anayamba kuchoka mwaunyinji kumwera kwa dzikolo, kuthawa malamulo a tsankho a Jim Crow, kuphedwa ndi magulu a azungu popanda mlandu, komanso kachilombo kamene kanawononga thonje. Ku Chicago kokha anali pafupifupi 44,000 mu 1910, anafika 109,000 mu 1920, ndipo mu 1930 anali ataposa 230,000. Munthu wochokera ku Mississippi kapena ku Georgia, wogona m'kachipinda ka lendi, wogwira ntchito kophera ng'ombe, ankagula mbale ya masenti 75 kuti amve ulaliki ndi kayimbidwe ka kwawo.

Makampani sanafulumire kuwaona anthu amenewa ngati ogula. Zinatengera wopeka nyimbo Perry Bradford kukakamira a Okeh kuti ajambule woyimba wakuda Mamie Smith mu 1920, ndipo mbale yake itagulidwa kwambiri aliyense anathamangirako. Mbale za anthu akudazi ankazitcha race records, ndipo ankazilengeza mu nyuzipepala ya Chicago Defender, imene anyamata ogwira ntchito m'sitima za Pullman ankaitengera kumwera. Paramount, imene inajambula Ma Rainey ndi Blind Lemon Jefferson, inali ya kampani yopanga mipando ku Wisconsin, imene inkapanganso mabokosi a magalamafoni, n'chifukwa chake inalowa m'zambale. Mbale zake zinali za zipangizo zotchipa, zimalira mchenga ngakhale zisanathe. Zimandipweteka kuti oyimba akuluakulu chonchi mawu awo anasungidwa pa zinthu zosalimba. Harry Pace anayesa kuti anthu akuda akhale ndi kampani yawoyawo, Black Swan, ku Harlem mu 1921, koma pofika 1924 mbale zake zinali m'manja mwa Paramount.

Kagalu koyang'ana m'lipenga kali pa Victrola yangayi n'komwenso kali pa HMV zimene azigogo athu ankabwera nazo pochokera ku Joni ndi ku Halale. Chithunzicho Victor ankachigwiritsa ntchito ku America, a Gramophone Company ku Britain ndi m'maiko a atsamunda. Kumeneko ndi kuno komwe, munthu wopita kutali kukagwira ntchito ndalama yake yoyamba yooneka ankaithira pa galamafoni.

Chatsala ndi soundbox, kabokosi kogwira singano kamene kamatulutsa mawu. Ndi ya mtundu wa Exhibition, timphira tozungulira mica (kamwala kopyapyala kooneka ngati galasi kamene kamanjenjemera n'kutulutsa mawu) tauma, ndipo mbale za 1926 kupita m'tsogolo n'zojambulidwa ndi magetsi, mphamvu yake ndi yaikulu kuposa imene Exhibition anapangidwira. Abusa akakweza mawu imanjenjemera. Pakali pano ndikugwiritsa ntchito singano zofewa, imodzi pa mbali imodzi n'kutaya, ndipo mbale iliyonse yosowa sindiiyandikitsa kumeneko. Amene ali ndi timphira toyera tija kapena mica yosasweka andiuze, tisinthana ndi singano, ndili nazo zambiri.

Kenako ndikufuna mbale imodzi imodzi ya Okeh, Columbia, Vocalion, Gennett, Paramount ndi Black Swan, kuti tsiku lina ndidzaziyimbe motsatana zaka zake pamaso pa achinyamata a kutchalitchi kwathu. Ndikulakalakanso Victrola yaikulu ya Orthophonic Credenza ya 1925, ija ya lipenga lalitali lopindidwa m'kati. Kuitumiza kuchokera kunja n'kodula kuposa makinawo, ndiye ndayamba kujambula lipengalo papepala, ndione ngati kalipentala wanga angalipange ndi mlombwa.