Chithunzi chimodzi chimene chinachedwetsa kabuku kathu

Ndili m'gulu la anthu amene timalemba za moyo wathu wa tsiku ndi tsiku n'kumawerengerana zolembazo, ndipo ngakhale kuti ambirife sitinaonanepo maso ndi maso popeza tikukhala m'mayiko osiyanasiyana, timadziwana bwino kwambiri. Chaka chatha tinagwirizana kuti aliyense asankhe nkhani imodzi imene amaikonda, tiziphatikize zonse m'kabuku ka PDF kogawa kwaulere. Ine ndinadzipereka kusonkhanitsa nkhanizo poganiza kuti ndi ntchito ya masiku ochepa, koma kabukuko katuluka sabata yatha patadutsa miyezi inayi, ndipo ndikulemba izi mtima utakhala pansi koma mkwiyo usanatheretu.

Za kutolera nkhanizo sindichedwapo, chifukwa aliyense amadziwa kutsegula chikalata chimodzi pa Google Docs, kuika tsiku lomaliza ndi kukumbutsa ozengereza. Chimene ine sindinkachiganizira n'komwe ndi chilolezo. Ndinkangoti popeza tonse ndife amodzi ndipo timagawana zolemba zathu mwaufulu, palibe chofunsanso, koma ubwenzi supatsa munthu ufulu wofalitsa ntchito ya mnzake. Malinga ndi pangano la ku Berne la m'chaka cha 1886, limene mayiko ambiri analowamo, munthu amakhala mwini wa chimene walemba popanda kukalembetsa kulikonse, ndipo umwiniwo umapitirira kwa zaka zosachepera 50 iye atamwalira. Choncho musanakonze tsamba ngakhale limodzi, pemphani aliyense kuti akulembereni chilolezo, ndipo achite kulemba, osati kungovomera pakamwa pa foni.

Kuti tisavutike kupeka mawu athuathu a chilolezo, tinatembenukira ku malaisensi a Creative Commons, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 2001 ndipo linatulutsa malaisensi ake oyamba mu 2002. Malaisensiwa alipo asanu ndi limodzi, ndipo amachokera pa mfundo zinayi zimene amazifupikitsa ndi zilembo. BY ikutanthauza kuti wogawa atchule dzina la mwini wake, NC imaletsa kuchitira malonda, SA imati wosintha ntchitoyo aigawe pa laisensi yomweyo, pamene ND imaletsa kugawa ntchitoyo itasinthidwa. Ife tinagwirizana pa BY-NC ya mtundu wa 4.0, umene unatuluka mu 2013.

Tsopano ndifike pa chithunzi chija, chifukwa ndi pamene panandithera mphamvu. Mayi wina m'gulu lathu analemba nkhani yogwira mtima yonena za malemu bambo awo, amene ankakonda kukhala m'mbali mwa nyanja dzuwa likamalowa, ndipo anaikapo chithunzi chokongola cha nyanja. Nditachikulitsa pa kompyuta ndinaona timalemba tosaoneka bwino pakona. Nditawafunsa, anandiyankha mosabisa kuti anangochipeza pofufuza pa Google, ndipo ankaganiza kuti chilichonse chopezeka kumeneko n'chaulere. Sindinawaimbe mlandu, chifukwa ambiri timaganiza choncho. Ndinachifufuza ndi Google Lens, pulogalamu yofufuzira pogwiritsa ntchito chithunzi, n'kupeza kuti ndi cha kampani ina yogulitsa zithunzi, ndipo popeza mayiwo ankachikonda kwambiri, ndinalonjeza kuti ndikapempha chilolezo.

Fomu ya kampaniyo inkafuna kuti ndilembe chiwerengero cha makope, mayiko amene kabukuko kadzafalitsidwe ndi zaka zimene tidzagwiritse ntchito chithunzicho. Kodi munthu angawerenge bwanji makope a kabuku kamene aliyense akhoza kutumizira mnzake pa foni? Ndikasiya malowo osalembapo, fomuyo inkakana kupita, ndipo ndikalembapo mawu ofotokoza, inkafuna manambala okhaokha. Ndinalemba kalata ndipo ndinalandira yankho la makina lokhala ndi nambala ya dandaulo langa. Patapita sabata munthu wina anandifunsa mafunso omwe aja a pa fomu, ndipo nditayankha, sabata yotsatira anandilembera munthu winanso amene anayambira poyambirira penipeni, ngati kuti sitinalemberanepo chilichonse.

Pomaliza anandipatsa tsiku loti tikambirane pa foni 10 koloko, koma sananene kuti 10 koloko ya kuti. Ndinapempha tchuthi kuntchito, ndinakhala pafupi ndi foni kuyambira m'mawa, ndinadikira mpaka madzulo osatuluka panja poopa kuti angaimbe ndili kutali, ndipo anadzaimba usiku ine nditagona. M'mawa mwake ndinapeza uthenga wonena kuti popeza sindinayankhe, dandaulo langa latsekedwa, ndiyambirenso. Tsiku limenelo ndilo limandiwawabe mpaka pano. Mukamapangana nthawi ndi munthu wa dziko lina, muuzeni kuti ailembe motsatira UTC, nthawi imene mayiko onse amayezerapo nthawi zawo, kapena atchule mzinda umene akuwerengera nthawiyo, ndipo ifenso m'gulu mwathu tinayamba kuchita chomwecho pa misonkhano yathu yonse.

Ndakumbukira china chimene chinachitika izi zisanafike. Ndinatha Loweruka lathunthu ndikumasulira m'Chichewa nkhani ya bambo wina amene amalemba m'Chingelezi, kenako ndinaona kuti zolemba zawo zonse anaziika kale pa laisensi yokhala ndi ND, ndipo kumasulira kumawerengedwa ngati kusintha ntchito. Apa mwayi unali wakuti mwini wake akhoza kupereka chilolezo chapadera, ndipo iwo anandilola tsiku lomwelo, koma akanakana ndiye kuti ndinagwira ntchito yopanda pake. N'chifukwa chake ndikubwerezanso kuti chilolezo chikhale cholembedwa ndipo chibwere ntchito isanayambe. Muwafotokozerenso anzanu momveka bwino kuti malaisensi a Creative Commons sabwezedwa, kutanthauza kuti amene walandira kale kabukuko akhoza kupitiriza kukagawa ngakhale mwini nkhani atasintha maganizo, ngakhale kuti mwiniyo ali ndi ufulu wopempha kuti dzina lake lichotsedwe. Mmodzi mwa ife atamva zimenezi anachotsa nkhani yake yonena za matenda a m'banja mwawo, ndipo ndikuona kuti anachita bwino kutero kabuku kasanatuluke.

Tibwerere ku kampani ija. Nditayambiranso, anandiuza mtengo patapita masiku angapo, ndipo unali wa chaka chimodzi chokha, woti tizilipiranso chaka chilichonse pa kabuku kamene sitikupezapo phindu lililonse. Ndinauza mayi aja kuti zakanika, ndipo anavomera mosavuta kuposa mmene ndinkaopera. Mnzathu wina amene amakhala kufupi ndi nyanja atamva, anapita madzulo a tsiku lomwelo kukajambula ndi foni yake. Anachitumiza koyamba pa WhatsApp monga chithunzi wamba ndipo chinafika chitachepetsedwa moti sichinkaoneka bwino pa tsamba lathunthu, choncho ndinamupempha kuti achitumizenso ngati chikalata. Potero chinafika chonse, koma chinabweranso ndi zobisika zimene foni imasunga m'chithunzi, zotchedwa EXIF, kuphatikizapo malo enieni amene anaima pojambula, amene ali pafupi kwambiri ndi nyumba yake. Ndinazifufuta ndisanachiike m'kabuku, ndipo pansi pake ndinalembapo dzina lake pamodzi ndi laisensi imene anandilembera yekha m'uthenga. Chithunzicho chili pa tsamba loyamba la nkhani ya mayi aja, ndipo dandaulo langa lachiwiri ku kampani ija ndinalisiya osalitseka.