Manga ija ndinaimangadi ndine, koma tamverani kaye

Eya, ndi zoona. Buku la mwana wa achemwali ndinakalidulitsa msana nkulimangitsa sipairo ngati lipoti la ku ofesi. Ndaona mwayamba kale kutumizirana chithunzi chake pagulu, wina mpaka wandisevanso mufoni mwake kuti "Ankolo Baindingi", ndiye bola ndifotokoze ndekha nkhaniyi isanafike poti ndinaliphika nkudya.

Choyamba sindinadzitume. Achemwali ndi amene anandiimbira, akuti achimwene mwana wanuyu wafika Fomu 2 koma buku lenileni sagwira, kutacha kutada ali pa timabuku ta zithunzi ta ku Japan totchedwa manga, inu ndinu owerenga pamtundu pano tamupezereni ma novel asiye zachibwanazi. Ine nkuvomera ndi chifuwa chonse. Ndinati mdani umayamba wamudziwa, ndiye ndinatenga kamodzi pa timabukuto kuti ndikagone nako.

Usiku umenewo magetsi kunalibe, ndinayatsa tochi ya pafoni nkutsegula buku mmene munthu aliyense wolongosoka amatsegulira buku. Tsamba loyamba panali kamunthu katatambasula dzanja, pamwamba mawu a Chingerezi akuluakulu ondiuza kuti ndiime, ndikulowera kolakwika. Ine nkuti ehee, wolemba uyu ndi mlaliki, wayamba ndi kudzudzula moyo wa wowerenga. Ndinagwedeza mutu, ndinaganizirako pang'ono za ngongole zanga, nkupitiriza.

Nkhani inayamba ndi maliro. Mvula ikugwa, mnyamata wa tsitsi losongoka akulira mamina mbwee, mkulu wina wa ndevu ali gone pansi lupanga lili pamimba. Nditsegule tsamba lina, mkulu uja wadzuka. Osati modzikoka ayi, wadzuka ndi mphamvu zake zonse, lupanga latuluka labwerera m'manja mwa mwini wake, magazi akuchepa tsamba ndi tsamba, malaya ong'ambika akudzisoka okha. Anamenyana masamba ngati 40 ndipo aliyense nkhonya ikamupeza ndi pamene amachira, dzino lomwe linali pansi ndinalipeza lili mkamwa, mwini wake akumwetulira nalo. Atatha kumenyana ndi pamene anayamba kukangana. Atatha kukangana anakhala pansi kudyera limodzi ma noodles, mbale mmalo moti izitha ikudzadza, mpaka anaibweza kwa wophika ili yodzadza ikufuka nthunzi, wophika nkuwalandira ndi moni. Zolankhula zawo nazonso zinali zaulosi, wina amati "Sindipita!" kenako mnzake nkumufunsa "Upita nane?" Ndinati anthu a ku Japan ndi achangu zedi, amakukaniratu usanapemphe. Ndiye kumapeto kwenikweni mnyamata uja anayang'ana mkulu wa ndevu, munthu woti wamulira maliro, wamenyana naye, wadya naye mbale imodzi, nkumufunsa kuti kodi inu ndinu ndani.

Anzanga, ndinazimitsa tochi nkukhala chete mumdima. Ndinati bukuli ndi lozama kuposa mwanayu. Likunena kuti munthu timamudziwa bwino ali m'bokosi, ndipo tikamayandikana naye ndi pamene akusanduka mlendo. Misozi inalengeza. Ndinatsala pang'ono kuitenga ngati mfundo ya kumphakati, ndipo amene munaona status yanga ya 1 koloko usiku ija yonena za imfa ndi ubale, inachokera pamenepo, panalibe amene wandikhumudwitsa.

Kutacha ndi pamene ndinaona kuti chikuto chokongola chili kumbuyo, manambala a masamba akutsika mmalo mokwera. Munthu wina akanafunsa mwana. Ine ndinati basi, awa ndi mabuku otayidwa ku fakitale aja amatigulitsa kuno, msana anaumatira mbali yolakwika, mwanayu akuwerenga zosokonekera nchifukwa chake sakhoza Chingerezi. Ndinathamangira pa fotokope pamene ana a ku koleji amakabaindira mapulojekiti awo, ndinauza mnyamata wake kuti dula msanawu uike kumanzere ngati buku la anthu. Anandifunsa kawiri, bwana mukutsimikiza? Ndinamuuza kuti mphwanga, ine ndinayamba kuwerenga iwe usanabadwe. Chimpeni chija chinatsika, khwaa. Anaboola mbali inayo, nkulowetsa sipairo yakuda, kutsogolo pulasitiki, kumbuyo katoni ya buluu. K3,000, ndinamuonjezeranso ya fanta.

Manambala anayambadi kukwera, pamenepo musandilande. Vuto ndi zithunzi zikuluzikulu zija zimatenga masamba awiri. Theka la kumanja linapita kumanzere, la kumanzere kumanja. Pali chithunzi china cha nkhope ya mnyamata uja atakwiya, tsopano makutu ake awiri akumana pakati pa sipairo ngati akunong'onezana, mphuno yagawika, theka ili kumphepete uku theka kumphepete uko. Pena akuponya chibakera chikutulukira kunja kwa buku, mdani wake ali kumbuyo kwake akugwa yekha popanda womukhudza. Mabowo a sipairo anadyanso mawu ena. Koma ine ndinaona ngati ndi luso la ku Japan lomwelo.

Lamulungu ndinakapereka pamaso pa achemwali, pa nkhomaliro, ndili ndi kamawu koti mwana akamawerenga aziwerenga zolongosoka. Mnyamata analandira, anatsegula, anatseka. Anatsegulanso. Sanalire, bola akanalira. Anangoti, "Ankolo, mwatani?" Kenako anapita kumapeto nkundionetsa tsamba la mlaliki lija, akuti ili analiika dala chifukwa cha anthu ngati inuyo, manga imayambira uku, mumawerenga kuchokera kumanja kupita kumanzere, mabokosi ndi mawu omwe, chifukwa Chijapani m'mabuku amachilemba chotsika ndipo mizere imayambira kumanja. Atatero ndi pamene anaponya bomba: "Komanso si langa, ndi la mnzanga wa mkalasi."

Achemwali anaseka mpaka anatsamwa nsima. Omwe ananditumawo.

Pofuna kubweza ulemu ndinayamba kumuphunzitsa za mabuku enieni, kuti novel imafuna kupirira, umayenda ndi munthu kuyambira ali mwana mpaka atakula, osati tizithunzi totha mphindi khumi. Iye nkundifunsa kuti buku lalitali lomwe ndinamaliza lili ndi masamba angati. Ndinatsokomola. Akuti manga ya One Piece ya Eiichiro Oda inayamba 1997, imatuluka chaputala chimodzi chimodzi m'magazini ya Weekly Shonen Jump kenako nkuzisonkhanitsa m'mabuku, mabukuwo anadutsa 100 ndipo nkhani sinathe, iye amadziwa dzina la munthu aliyense ndi chomwe chinamupweteka ali mwana. Ine anthu a m'buku lomwe tinalembera mayeso a Fomu 4 ndimakumbukapo awiri, wina sindikutsimikiza ngati sanali mphunzitsi wathu. Ndinayesa kumugwetsa ndi Charles Dickens, kuti ameneyo ndiye wolemba, kenako ndinakumbuka ndekha kuti naye Oliver Twist ankaitulutsa zidutswazidutswa m'magazini mwezi ndi mwezi kuyambira 1837, zithunzi zilimo, anthu nkumadikira yotsatira ngati mmene amachitira mwanayu. Ndinangomeza. Anandionjezeranso kuti Goku wa mu manga ya Dragon Ball, ndodo yake ndi kamtambo kake, wolemba wake Akira Toriyama anazitenga kwa nyani wa mu Journey to the West, novel ya ku China ya zaka za m'ma 1500. Mwana wa Fomu 2 ameneyo, amene amati sawerenga.

Koma chimodzi ananena yekha ndipo ndikufuna chilembedwe: kale makampani a ku America pomasulira manga ankatembenuza zithunzi ngati pagalasi kuti ziziwerengeka kuyambira kumanzere, mpaka anthu a m'nkhani nkusanduka amanzere, anadzasiya pambuyo pake. Ndiye nzeru yanga ija azungu a makampani anaiganizaponso. Kusiyana kwake iwo anali ndi makina, ine ndinali ndi K3,000.

Ndiye poti buku la eni liyenera kubwezedwa, Lolemba ndinalowa mtauni kusaka. Mavenda a mabuku a kaunjika amene amayala pansi aja ndinawayendera onse. Woyamba nditamufunsa kuti muli ndi manga anadzidzimuka, akuti timange ndani bwana, anayamba kale kusonkhanitsa katundu wake kuyesa ndine wa khonsolo. Wachiwiri anandilozera mwaulemu kwa mayi wootcha chimanga kutsidya kwa msewu. Wachitatu anati wamva, za zithunzi eti, nkunditulutsira buku la Biology la Fomu 3 atatsegula pa chithunzi cha matumbo. Chimanga chija ndinagula ndithu, njala inali itandipweteka.

Mapeto ake ndinatumiza uthenga kwa msuweni wanga ku Johannesburg ndi chithunzi cha chikuto. Patatha masabata atatu phukusi linafika pa basi, chikuto chofanana ndithu, tsitsi losongoka, maso ngati mbale, lupanga lotalika kuposa mwini wake. Ulendo uno sindinatsegule, ndinati ndaphunzira. Mnyamata atsegule, mawu okhaokha. Masamba ndi masamba a mawu, chithunzi chimodzi apa, china patsogolo uko. Akuti iyi si manga ankolo, ndi light novel, ma novel a ku Japan olembera achinyamata, amangoikamo zithunzi zochepa zojambulidwa ngati manga, ndipo makatuni ambiri amene amaonera anayambira m'mabuku otere. Ndinagwira mutu kuti ndalama zapitanso.

Koma analimaliza masiku awiri. Mawu okhaokha, mwana woti sagwira buku lenileni, achemwali anamupeza nalo kubafa. Pano akufuna lachiwiri. Ndiye mukamaseka muzikumbukiranso kuti ntchito yomwe ananditumayo inatheka, njira yake musaifunse, ngakhale achemwali akuti kuyamika ayamika msuweni wa ku Joni.

Mwini buku uja sanabwezeredwebe, ndikamuona pa geti ndimakhotera ku grosale. La sipairo lili kuno kwanga. Ndinaliwerenganso kuyambira koyenera, chala chili pa bokosi la kumanja ngati mwana wa Sitandade 1. Amakumana, amadya ma noodles, amakangana, mkulu wa ndevu uja amafa, basi. Ine yanga ija inali bwino.